Ndinagwira ntchito pa Tsiku la Anakubala koma malipiro sanasinthe

Naphiri, Bangwe:
Akuluakulu nonse, ndikupempha nzeru pa nkhani imene yandisowetsa tulo kuyambira tsiku limene ndinalandira malipiro a mwezi wa Okutobala. Ine ndimagulitsa m'sitolo ina ya nsalu ndi ziwiya ku Limbe, ndipo ndakhala pamalo amenewo zaka 4. Lachitatu pa 15 Okutobala 2025, Tsiku la Anakubala, tinauzidwa kuti tonse tibwere kuntchito chifukwa nyengo imeneyo zitenje zimayenda malonda kwambiri. Tinatsegula 7:30 m'mawa n'kutseka 5:30 madzulo, ndipo tikachotsapo ola la nkhomaliro ndiye kuti ndinaimirira pakauntala maola 9. Mayi anga ali kwathu ku Thyolo sindinathe kukawaona, moti chitenje chawo ndinachita kupatsira mng'ono wanga. Pakutha pa mwezi ndinalandira K182,000 yanga ya nthawi zonse, popanda ngakhale tambala yoonjezera. Nditafunsa akapitawo athu, anandiyankha kuti munthu wolipidwa pamwezi salandira ovataimu, ndipo anati ngati ndatopa adzandipatsa ofu tsiku lina malonda akadzachepa. Zomwezi zinachitika Lolemba pa 7 Julayi, pamene ndinagwiranso maola 9, komanso pa 16 Seputembala, tsiku la chisankho, pamene tinatsegula masana titavota ndipo ndinagwira maola 5. Kodi zimene akunena akapitawozi n'zoona, kapena pali ndalama zanga zimene zikutsalira m'sitolo muja?

Angozo, Chilomoni:
Mayi Naphiri, zimene anakuuzani akapitawo anuzo sizoona. Ine ndinagwira ntchito zaka 22 pa fakitale ina ku Makata, ndipo kwa zaka zambiri mwa zimenezo anzanga ankandisankha kuti ndiziwaimirira m'bungwe la ogwira ntchito, choncho nkhani iyi ndinakhalira nayo pansi ndi mabwana kambirimbiri. Lamulo limene limatiteteza ndi Employment Act ya chaka cha 2000, ndipo gawo 39 la lamuloli limagawa ovataimu m'magulu atatu. Yoyamba ndi ya maola amene munthu wapitiriza kugwira ntchito pa tsiku wamba nthawi yake yowerukira itakwana, ndipo ola lililonse lotere limalipidwa malipiro a ola limodzi ndi theka lake pamwamba. Yachiwiri ndi ya tsiku limene munthu amayenera kukhala pa ofu koma waitanidwa, ndipo imeneyo imalipidwa mowirikiza kawiri. Yachitatu ndi yanuyo, ya ntchito yogwiridwa pa tsiku la tchuthi cha boma, ndipo ola lililonse limayenera kulipidwa ndalama yosachepera kuwirikiza kawiri malipiro a ola la masiku onse. Imeneyi ndi imene kuntchito timangoti dabulo.

Gawo limeneli silinena kuti ufuluwu ndi wa olipidwa patsiku kapena pasabata okha. Limanena za munthu wolembedwa ntchito, ndipo inu ndinu wolembedwa ntchito. Pamwamba pa lamuloli palinso gawo 31 la malamulo oyendetsera dziko lino, limene limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi kulandira malipiro oyenera. Choncho ndalama imeneyi si mphatso yochokera ku mtima wabwino wa abwana, ndi ngongole imene iwo ali nayo kwa inu.

Nabanda, Chitawira:
Ndikugwirizana ndi bambo Angozo, ndipo popeza ine ntchito yanga ndi yowerengera malipiro pa kampani ina ku Ginnery Corner, ndiloleni ndikuwerengereni, achemwali, kuti mukamakayankhula mukhale ndi nambala m'manja. Kwa munthu wogwira masiku 6 pasabata, ife timagawa malipiro a pamwezi ndi masiku 26, kenako ndi maola 8. Njira imeneyi ikugwirizana ndi malire a maola 48 pasabata amene lamulo linaika, chifukwa maola 48 pa masabata 52 tikawagawa m'miyezi 12 amatipatsa maola 208 pamwezi. K182,000 yanu tikaigawa ndi 26 ikutipatsa K7,000 patsiku, ndipo pa ola ndi K875. Tikawirikiza kawiri, ola lililonse la tsiku la holide ndi K1,750. Pa 15 Okutobala pokha munayenera kulandira K15,750, pa 7 Julayi chimodzimodzi, ndipo pa tsiku la chisankho K8,750. Zonse pamodzi ndi maola 23, ndalama yake K40,250, msonkho usanadulidwe, pakuti ovataimu nayonso imawerengedwa pa ndalama zodulidwa msonkho wa pa malipiro wotchedwa PAYE.

Koma pali msampha umodzi umene ndikufuna muudziwiretu, chifukwa abwana anu akadzavomera kulipira mwina adzayambira pamenepo. Olemba ntchito ena amanena kuti popeza tsiku la holide lili kale m'malipiro a pamwezi, iwo akangoonjezera K875 pa ola ndiye kuti yakwana dabulo, imodzi ya m'malipiro ndi ina yoonjezerayo. Ine kawerengedwe kameneka sindigwirizana nako, ndipo chifukwa changa ndi ichi. Mnzanu amene anakhala kunyumba tsiku limenelo analandira malipiro ake onse osadulidwa, kutanthauza kuti ndalama ya m'malipiroyo inali yanu kale ngakhale mukanapita ku Thyolo. Maola amene munagwira ndi ovataimu, ndipo mtengo wa ovataimu ya holide ndi wowirikiza kawiri. Tangoganizirani: mukatsalira ola limodzi Lachiwiri wamba madzulo, mumayenera kuonjezeredwa K1,312.50. Zingatheke bwanji kuti ola la pa Khrisimasi likubweretsereni K875 yokha, ndalama yochepa kuposa ya Lachiwiri wamba, pamene lamulo linaika holide pamwamba? Kwathu timalipira kawiri pamwamba pa malipiro a mwezi, ndipo zimaoneka pamzere wakewake papeyisilipu, chikalata chofotokoza malipiro.

Ambewe, Zingwangwa:
Ndawerenga zonse mwachifatse, ndipo ndikufuna ndiyankhule ngati munthu wa mbali inayo, chifukwa si onse olemba ntchito amene ali ndi mtima wodyera anzawo masuku pamutu. Ine ndili ndi kamalo kodyera ndipo ndinalemba anthu 6. Mtengo wa mafuta ophikira, makala, ufa ndi nyama wakwera kwambiri moti miyezi ina ndikalipira lendi ndi antchito ine mwini ndimatsala wopanda kanthu. Masiku a holide ndi amene anthu amabwera ndi mabanja awo kudzadya, ndiye kutseka sindingathe. Zimene tinagwirizana ndi anyamata ndi atsikana anga n'zakuti amene wagwira pa holide amapuma tsiku lina mkati mwa sabata yomweyo, ndipo palibe amene anadandaulapo. Kodi pamene anthu agwirizana okha mwamtendere, lamulo lingalowererenso? Ndikufunsa moona mtima chifukwa sindifuna kudzapezeka ndi mlandu pa chinthu chimene ndinkachiyesa chilungamo.

Angozo, Chilomoni:
Bambo Ambewe, mwachita bwino kufunsa poyera, ndipo mavuto a mitengo amene mwatchulawo tonse tikuwaona pamsika. Komabe mawu amene ali m'gawo 39 ndi akuti munthu alipidwe ndalama yosachepera mlingo wakutiwakuti. Mawu akuti yosachepera akutanthauza kuti pamenepo ndi pansi penipeni. Inu ndi antchito anu mukhoza kugwirizana zoposa pamenepo, koma simungagwirizane zotsika, chifukwa lamulo linadziwiratu kuti pakati pa wolemba ntchito ndi wolembedwa, mmodzi ndi amene wagwira mpeni kumpini. Kusadandaula kwa anyamata anu sikusonyeza kuti akhutira. Munthu amene ali ndi ana kusukulu ndipo akudziwa kuti panja pali anthu khumi ofuna malo ake amavomera zambiri ndi pakamwa pokha.

Pa nkhani ya ofu pali chinthu china chimene ndinkachiona kawirikawiri. Lamulo lomweli limaletsa kugwiritsa munthu ntchito masiku oposa 6 otsatizana popanda kupuma maola 24 athunthu. Ndiye olemba ntchito ena amatenga tsiku lopuma limene munthu ali nalo kale mwalamulo n'kulitcha kuti ndi lobwezera holide, motero wantchito amataya zinthu ziwiri nthawi imodzi osazindikira. Sindikunena kuti inu mumatero, koma fufuzani ndandanda yanu muone ngati tsiku limene mumaperekalo ndi loonjezeradi. Ndipo ngakhale litakhala loonjezera, tsiku limodzi lopuma ndi lofanana ndi malipiro a tsiku limodzi, pamene lamulo likufuna awiri. Malangizo anga ndi akuti muwerengere bwino phindu la tsiku la holide. Ngati malonda a tsikulo ndi ochuluka monga mwanenera, dabulo ya anthu amene aphika ndi kuperekera zakudyazo ichoke m'malonda omwewo, monga mmene mumachotsera ndalama ya makala. Ngati sangakwanitse kulipira anthu 6, itanani atatu mosinthanasinthana, enawo akapume ndi mabanja awo.

Ambewe, Zingwangwa:
Ndamva, bambo. Ndaona m'kaundula wanga ndipo ndapeza kuti kawiri chaka chino tsiku limene ndinapereka linali ofu yawo ya masabata onse. Ndikhala nawo pansi Loweruka tikatseka, ndipo pa Khrisimasi ndiyesa njira yosinthanayo.

Bambo a Mphatso, Ndirande:
Ife alonda nkhani imeneyi imatikhudza kuposa wina aliyense, chifukwa tsiku limene eni nyumba ndi eni masitolo apita kumudzi kukasangalala ndi limene amafuna kuti geti lisachoke munthu. Ine ndagwira ulonda zaka 11 ndipo Khrisimasi imene ndinadyera pamodzi ndi ana anga ndi imodzi yokha. Funso langa ndi la shifiti ya usiku. Ndimalowa 6 koloko madzulo n'kutuluka 6 koloko m'mawa. Ndikalowa pa 24 Disembala madzulo, kukampani amati tsiku limenelo si holide ndiye palibe choonjezera, ngakhale kuti ndatuluka pa 25 m'mawa. Chaka china ndinalowa pa 26 madzulo, ndipo anandiuza kuti shifiti yathera pa 27, tsiku wamba, ndiye palibenso choonjezera. Mbali zonse ziwiri wotaya ndi ine. Kodi holide ya munthu wa usiku imayambira pati?

Nabanda, Chitawira:
Bambo a Mphatso, lamulo limawerenga ovataimu pa ola lililonse, osati pa shifiti, ndipo mfundo imeneyi ndi imene ikuyankha funso lanu. Tsiku la 25 Disembala limayamba 12 koloko usiku n'kutha 12 koloko usiku wotsatira. Mukalowa pa 24 madzulo, maola 6 oyambirira ndi a tsiku wamba, koma kuyambira pakati pa usiku mpaka 6 koloko m'mawa mwagwira maola 6 a pa holide. Mukalowa pa 26 madzulo, maola 6 oyambirirawo ndi a pa holide chifukwa 26 Disembala nalonso ndi tchuthi cha boma. Umu ndi mmene timawerengera kwathu kwa anthu a mashifiti. Kampani singasankhe tsiku lolowera pamene zikuikomera, kenako n'kusankha tsiku lotulukira pamene zikuikomeranso. Inu alonda muli ndi mwayi umene ena alibe, chifukwa nthawi yolowa ndi yotuluka mumalemba m'buku la OB, lolembamo zochitika pa ulonda, ndipo akapitawo oyendera amasainamo. Muzijambula tsamba limenelo ndi foni tsiku lililonse la holide, pakuti bukulo likadzadzadza limatengedwa kupita kuofesi ndipo simudzalionanso.

Che Saidi, Mbayani:
Ine ndimathira mafuta pa malo ena omwetsera galimoto mumsewu wa ku Chileka. Ndikufuna kuonjezerapo za Idi, chifukwa tsiku limeneli limavuta mwa njira yakeyake. Masiku ena onse amadziwika chaka chisanayambe: 1 Januwale, 15 Januwale wa John Chilembwe, 3 Malichi wokumbukira amene anafera ufulu wa dziko lino mu 1959, 1 Meyi wa ogwira ntchito, 14 Meyi wa Kamuzu, 6 Julayi wa ufulu wodzilamulira, 15 Okutobala, ndiponso 25 ndi 26 Disembala. Ngakhale Lachisanu Loyera ndi Lolemba la Pasaka, amene amasuntha chaka ndi chaka, amakhala atalembedwa kale pakalendala. Koma Idi yomaliza mwezi wa Ramadan imadalira kuoneka kwa mwezi, ndiye nthawi zina chilengezo chimabwera usiku, mawa lake n'kukhala holide. Zikatero abwana athu amanena kuti ndandanda inali itakonzedwa kale, choncho tsikulo aliwerenga ngati wamba. Chinanso, anzanga achikhristu anauzidwa kuti Idi si yawo ndiye asayembekezere kanthu, ndipo ine pa Khrisimasi ndinauzidwa chimodzimodzi, kuti popeza ndine Msilamu palibe chimene ndataya pobwera kuntchito. Mwa njira imeneyi palibe ndi mmodzi yemwe amene amalandira dabulo pa masiku onse awiri.

Angozo, Chilomoni:
Che Saidi, zimene mwafotokozazi zandikhudza kwambiri, chifukwa ndi njira yogawanitsa antchito pogwiritsa ntchito zipembedzo zawo. Tchuthi cha boma ndi cha dziko lonse, sichifunsa kuti munthu amapemphera kuti. Mkhristu wogwira ntchito pa Idi ayenera kulandira dabulo, Msilamu wogwira pa Khrisimasi ayenera kulandira dabulo, ndipo amene sapita kutchalitchi kapena kumzikiti nayenso ayenera kulandira pa masiku onse awiri. Kuchedwa kwa chilengezo sikusintha kanthu, pakuti malipiro amawerengedwa kumapeto kwa mwezi pamene aliyense akudziwa kale kuti tsiku lija linali holide. N'chimodzimodzinso ndi masiku amene boma limalengeza mwapadera, monga 16 Seputembala uja wa chisankho amene atchula mayi Naphiri.

Naphiri, Bangwe:
Zikomo kwambiri nonse, maso anga atseguka. Pa za 7 Julayi ndinaiwala kunena kuti akapitawo anati holide yeniyeni inali Lamulungu pa 6, ndipo Lolembalo linali la anthu a m'boma ndi a m'mabanki okha. Kodi pamenepa ndiwayankhe bwanji?

Nabanda, Chitawira:
Muwayankhe kuti kuno kwathu holide ikagwa Loweruka kapena Lamulungu, tchuthi chimapita Lolemba lotsatira, ndipo mu 2025 tsiku la 6 Julayi linagwadi Lamulungu, n'chifukwa chake Lolemba pa 7 linali tchuthi. Palibe kalendala ya anthu a m'boma ndi ina ya anthu a m'masitolo a ku Limbe. Ndipo ngati pali mnzanu amene anaitanidwa Lamulungu lomwelo pamene ndi tsiku lake lopuma, ameneyonso ali ndi dabulo yake kudzera ku gulu lachiwiri lija la ovataimu ya tsiku la ofu.

Mayi a Tadala, Nyambadwe:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndipo chikumbumtima chandivuta moti ndaona kuti ndiyankhule. Ine ndimagwira ntchito muofesi ndipo ndikagwira pa holide ndimaonetsetsa kuti ndalipidwa mpaka tambala yomaliza. Koma kunyumba kwanga kuli mayi amene amatithandiza ntchito zapakhomo kwa zaka 6 tsopano, ndipo Khrisimasi iliyonse ndi iwo amene amadzuka 4 koloko m'mawa kukonza nkhuku ndi kuphika mpunga wa alendo athu, n'kuweruka mdima utagwa mbale zonse zitatsukidwa. Chimene ndakhala ndikuwapatsa ndi chitenje, shuga, mpunga ndi zakudya zotsala kuti akapatse ana awo ku Chilobwe, ndipo mumtima mwanga ndinkadziona ngati munthu wopatsa. Sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti tsiku limenelo ali ndi malipiro ake apadera. Kodi lamuloli limafikanso m'nyumba za anthu, kapena ndi la makampani okha?

Angozo, Chilomoni:
Limafika, mayi. Amene lamuloli linawapatula ndi asilikali, apolisi ndi ogwira ntchito zachitetezo m'ndende, chifukwa iwo ali ndi malamulo awoawo. Wantchito wapakhomo, wosamalira maluwa, wolera ana ndi mlonda wa panyumba onse ndi olembedwa ntchito, ngakhale mutagwirizana pakamwa popanda kalata. Chitenje ndi shuga musasiye kupereka ngati mtima wanu ukufuna, koma mphatso imabwera pambuyo pa malipiro, siilowa m'malo mwake. Njira yowerengera ndi yomwe ija atisonyeza mayi Nabanda. Ndipo popeza mwanena kuti amayamba 4 koloko m'mawa mpaka usiku, muwerenge maola enieni amene amagwira, osangoti tsiku limodzi. Ndingakondwe mutawafunsanso ngati chaka chino akufuna kugwira kapena kukakhala ndi ana awo, chifukwa anthu ambiri apakhomo sanafunsidwepo funso limeneli.

Chimwemwe, Machinjiri:
Akuluakulu, zonse mukunenazi ndi zoona papepala, koma ine ndikuopa kuti tingawapweteketse mayi Naphiri. Chaka chatha ndinkagwira ntchito pa malo ena ogona alendo, ndipo nditafunsa za ndalama ya pa Pasaka sanandikalipire kapena kundichotsa poyera. Anangoyamba kundichepetsera masiku pandandanda, kenako anandiuza kuti ndidikire kunyumba adzandiimbira foni, ndipo mpaka lero sanaimbe. Ndinakhala miyezi 7 ndisanapeze ntchito ina. K40,250 ndi ndalama ndithu, koma K182,000 ya mwezi ndi mwezi ndi imene ikulipira lendi ku Bangwe. Mu Blantyre muno ntchito ikusowa, ndipo abwana amadziwa zimenezo kuposa ife.

Angozo, Chilomoni:
Mwana wanga Chimwemwe, mantha akowo sindingawapeputse, chifukwa zimene zinakuchitikirazo ndaziona zikuchitikira anthu ambiri, ndipo pepa kwambiri. Koma pali zinthu ziwiri zimene ndikanakonda ukanazidziwa nthawi imeneyo. Choyamba, gawo 57 la lamulo lomweli limanena kuti munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka ndiponso asanapatsidwe mwayi wodziteteza, ndipo kudandaula kuti abwana akuphwanya lamulo si chifukwa chovomerezeka chochotsera munthu. Kukuuza kuti udikire kunyumba mpaka kalekale ndi kuchotsa komwe, kungoti kwavala malaya ena. Chachiwiri, wochotsedwa mopanda chilungamo amayenera kukadandaula ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake, kumene timangoti kuleba, pasanathe miyezi 3, ndipo ambiri amataya mwayi chifukwa chodikira foni imene siidzabwera.

Njira yake imayenda motere. Mkulu wa kuleba amaitana mbali zonse ziwiri kuti amve ndi kuyesa kuyanjanitsa, ndipo nkhani zambiri za ndalama zochepa ngati izi zimathera pomwepo, chifukwa wolemba ntchito akaona nambala zolembedwa bwino safuna kupita patali. Zikakanika, nkhani imapita ku khoti la Industrial Relations Court, limene lili konkuno ku Blantyre ndipo linakhazikitsidwa kuti lizimva milandu ya zantchito. Sindikunamizeni kuti kukhoti zinthu zimathamanga, pamafunika kuleza mtima. N'chifukwa chake ine ndimalangiza kuyambira mkati mwa ntchito momwemo, mwaulemu, polemba kalata osati pokangana pakauntala makasitomala akuona. Ndipo kalatayo isakhale ya munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo n'kosavuta kuchotsa pandandanda munthu mmodzi kusiyana ndi anthu asanu amene asainira pamodzi. Kumene kuli bungwe la ogwira ntchito, nkhani zotere zimadutsa mwa nthumwi zawo, ndipo mabungwe ambiri otere ali pansi pa Malawi Congress of Trade Unions. M'masitolo ang'onoang'ono mabungwe mulibe, ndiye umodzi wanu ndi umene umagwira ntchito imeneyo.

Nabanda, Chitawira:
Ndionjezere za umboni, chifukwa nkhani zambiri zimene ndaziona zikulephera zimalephera pamenepa. Lamulo limafuna kuti wolemba ntchito azipereka chikalata chofotokoza malipiro nthawi iliyonse akalipira, chosonyeza ndalama zonse, zimene zadulidwa ndi zimene zatsala. Ngati kwanu amangopereka ndalama m'manja kapena kutumiza pafoni popanda peyisilipu, muziipempha, ndipo mauthenga a pafoni osonyeza ndalama imene yalowa musawafufute. Mukhalenso ndi kope lanulanu kunyumba lolembamo deti, nthawi yolowa, nthawi yotuluka ndi dzina la amene anakuuzani kuti mubwere. M'kalata yanu musalembe mawu aukali kapena kutchula zakale zina. Mulembe masiku atatuwo, maola a tsiku lililonse, malipiro a pa ola, gawo 39, ndi ndalama yonse pamodzi, kenako mupemphe kuti iikidwe m'malipiro a mwezi uno. Mupange makope awiri, ndipo amene walandira kalatayo asaine pa kope lanu ndi kulembapo deti.

Naphiri, Bangwe:
Akuluakulu, ndabweranso patatha masiku 9 kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Tilipo anthu 8 m'sitolo muja, ndipo 5 tinasaina kalata monga munatilangizira. Atatu enawo anaopa, ndipo sindikuwaimba mlandu chifukwa awiri mwa iwo angoyamba kumene ntchito. Eni sitolo anatiitana Lachinayi titatseka. Poyamba anakwiya kuti n'chifukwa chiyani sitinangobwera kudzayankhula, koma atawerenga nambala zija anakhala chete kwa kanthawi, kenako anavomera kuti ya pa 15 Okutobala adzatilipira tonse 8 pamodzi ndi malipiro a Novembala, ndipo anavomera K1,750 pa ola kwa ine osati K875. Ananenanso kuti pa 25 Disembala sitolo idzakhala yotseka, ndipo pa 26 adzaitana anthu anayi okha amene adzalipidwe dabulo. Koma za 7 Julayi ndi 16 Seputembala akana, akuti kaundula wa miyezi imeneyo sakuoneka ndipo sangalipire chinthu chopanda umboni. Ine pafoni yanga ndapeza mauthenga a WhatsApp amene akapitawo anatitumizira pa 6 Julayi madzulo ndi pa 15 Seputembala otiuza nthawi yotsegulira mawa lake, komanso malisiti a makasitomala a masiku amenewo amakhala ndi deti ndi dzina la wogulitsa. Ndalama yotsalayo kwa ine ndi K24,500. Tagwirizana ndi anzanga anayi aja kuti tipite kuleba Lachiwiri likubwerali, limene ndi tsiku langa lopuma. Kodi ndinyamule chiyani, ndipo kodi ndiwadziwitse abwana ndisanapite?

Angozo, Chilomoni:
Muwadziwitse, mayi, ndi kakalata kafupi kaulemu konena kuti mukuthokoza pa zimene avomera, koma pa masiku awiri otsalawo mukupempha a kuleba kuti akuthandizeni nonse kuwerengera. Akadziwa zimenezi mwina adzalipira Lachiwiri lisanafike. Munyamule chiphaso chanu cha unzika, kalata yolembedwera ntchito ngati munapatsidwa, kope la kalata ija losainidwa, mauthenga a ndalama za Julayi, Seputembala ndi Okutobala, ndiponso mauthenga a akapitawo aja mutawasindikiza papepala deti lake likuoneka, koma foni yomwe muitengenso ili ndi moto wokwanira. Anzanu amene sadzatha kuchoka pantchito tsikulo alembe maina awo, maola awo ndi malipiro awo pa pepala limodzi n'kusaina. Ine Lachiwiri ndilibe chochita m'mawa, ndiye ngati mungakonde ndikuperekezani. Tikumane pa depoti ya Wenela 8 koloko kuti tikafike mzere usanatalike.